Wonunkhiza Masola

"Ayi, inu pitirizani zimene mukuchitazo," anatero mayi wa anapiye ataima pakhomo pa shopu. "Ine ndikufuna achemwali anu. Atalikira?"

Mita anali atagwada pansi, akumangitsa waya pamutu wa batire. Sanadzutse nkhope. "Apita kukagula sopo. Koma ngati ndi nkhani ya sola, mwini shopu ndi amene mukuyankhula nayeyu."

"Ndikudziwa, bambo, chikwangwani ndimatha kuwerenga. Makina anga oswetsera mazira ayamba kuzizira m'bandakucha, mabatire sakudzaza. Muli mazira mazana atatu mmenemo. Lachisanu m'mawa mubwere nawo achemwaliwo adzaone denga langa."

"Masola a padenga panu ndinaika ndine."

"N'chifukwa chake ndikufuna maso ena. Iwo akalephera kubwera, inunso musavutike. Amene adzandiuze zoona tsiku limenelo ndi amene azisamala denga langa kuyambira pamenepo."

Mayiyo anatembenuka n'kumapita, kanthenga katakanirira kumbuyo kwa juzi yake. Mita anamangitsa natiyo mpaka sipanala inaterereka n'kumusupula chala.

Dzina lake lenileni linatsala pa satifiketi. Mumsewu monse ankamutchula Mita chifukwa cha kachipangizo kachikasu koyezera magetsi, kotchedwa mita, kamene kankalendewera m'khosi mwake kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ngakhale popita kukameta. Anaphunzira za magetsi zaka ziwiri kusukulu ya ntchito zamanja, ndipo satifiketiyo anaikhoma m'felemu pamwamba pa shelefu ya mababu, pamalo oti wolowa ayambe kuona iyo asanaone mwini wake. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Mawaya ake ankayenda mowongoka ngati mizere ya m'kope, ndipo palibe nyumba imene inapsapo chifukwa cha iye.

Mayi wa anapiye ndi amene anamuyambitsa. Zaka zisanu zapitazo, Mita alibe ngakhale makwerero akeake, mayiyo anamukhulupirira n'kumupatsa ntchito yoika masola asanu ndi atatu padenga la khola lake. Pakamwa pa mayiyo sipankapuma, ndipo aliyense wobwera kudzagula anapiye ankachoka atamva za Mita. Telala, wometa, mayi wogulitsa madzi ozizira, onsewo anabwera kudzera mwa iye. Kutaya denga limenelo kunali kutaya msewu wonse.

Achemwali ake analowa m'shopumo kudzera khomo la kumbuyo. Iwo anasiya sukulu chaka chimene bambo awo anamwalira, Mita akadali wovala kabudula, n'kukalowa ntchito kufakitale yopanga mabeseni, ndowa ndi nsapato za mphira. Anakhala pamakina otentha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mpaka tsiku lina anapeza loko pageti ndi pepala lopepesa. Mita anawapatsa chipinda cha kuseri kwa nyumba yake ndi tsache la m'shopu. Ankakonda kuuza anthu kuti akusunga achemwali ake, ndipo mawuwo ankamukoma m'kamwa.

Zinayamba kusokonekera tsiku limene anagula masola khumi akale, ogwirapo kale ntchito kunja. Kumene zinthuzi zimapangidwa, sola imabwera ndi pepala lolonjeza zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo ikavuta munthu amangoimba foni. Ikamafika mumsewu ngati uwu pepalalo limakhala litasochera panjira, wokaimbira foni kulibe, ndipo anthu amangogwedeza mutu n'kunena kuti zinthu za masiku ano n'zosalimba. Mita anawayala onse khumi padzuwa, anayeza imodziimodzi, mita yake n'kuvomereza kuti ndi amoyo.

Achemwali anasiya kusesa. Anatembenuza sola imodzi chafufumimba, ngati munthu wofuna kuona mtengo wa nsapato kunsi kwake. Kumbuyoko kunali pulasitiki yoyera. Anaikanda ndi chikhadabo, anayang'ana ufa umene unatsala pachala, kenako anawerama n'kununkhiza m'mphepete.

"Iyi siifika mvula ziwiri," anatero.

"Achemwali, imeneyo si ndowa."

"Ndowa ndi yabwino, ikang'ambika umaona madzi akutayika. Iyi izidzafa mwakachetechete."

Mita anaseka mpaka kukhosomola, ndipo sola yomweyo anaigulitsa kwa wometa. Mvula yachiwiri isanathe wometa anabwera atainyamula pamutu, m'kati mwa galasi mutachita dzimbiri ngati mano a wosuta. Choipa n'chakuti tsiku lija wometayo analipo, anamva zonse. Ndipo nkhani ikafika m'manja mwa wometa, imalowa m'khutu lililonse limene lakhala pampando wake.

Kuyambira pamenepo anthu anayamba kubwera ndi masola awo panjinga, pamutu, pawilibala, kuti achemwali awanunkhize. Iwo sankadzitama. Ankangofotokoza monga mmene ankaphunzitsira atsikana atsopano kufakitale. Sola, ankatero, ili ngati chiphaso chomatidwa m'pulasitiki. Pamwamba pali galasi, pakati pali timapale takuda timene timagwira dzuwa, ndipo timapaleto tinakutidwa ndi pulasitiki yofewa yoonekera, yosungunulidwa pamoto. Kumbuyo kuli chikopa choyera chotchinga madzi. Galasi silikalamba, timapaleto timakhalitsa, chimene chimayamba kutopa ndi chovala chake. Dzuwa limachiphika, usiku chimazizira, mawa chimaphikidwanso. Chikakhala chabwino chimapirira. Chikakhala cha kangachepe chimatuwa, chimachita ufa, chimang'aluka, madzi amalowa, ya m'kati ija imasanduka yachikasu n'kuyamba kununkha ngati viniga, ndipo timizere tachitsulo tolumikiza timapaleto timadyeka.

Mita ankamva zonsezi ali kuseri kwa kauntala, akunamizira kusanja masikuluwu. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti iye ankadziwa dzina la zinthuzi. M'buku lake la kusukulu munali ndime yaifupi yonena za mapolima, kutanthauza banja lonse la mapulasitiki, mphira ndi maguluu, koma aphunzitsi ananena kuti sizibwera pamayeso, ndiye anaidumpha. Tsiku lina analiponya liwulo pakati pa makasitomala.

"Zimene akunena achemwalizi, ife ophunzira timati mapolima."

"Ehe," anatero telala, n'kutembenukiranso kwa achemwali. "Ndiye mwati yangayi ndiichite bwanji, mayi?"

Kale anthu ankati achemwali a Mita. Tsopano anamva ndi makutu ake mwana wa sukulu akulozera mlendo njira: "Pitani pashopu ya mayi onunkhiza masola aja, mukapeza achimwene awo ovala chinthu chachikasu m'khosi."

Madzulo a tsiku limene mayi wa anapiye anabwera, Mita anadya ngati akumeza miyala. Achemwali anali atatenga mbale yawo kupita nayo kuchipinda chawo, monga mwa masiku onse. Mkazi wake anamuyang'ana kawiri, kachitatu n'kufunsa.

"Mchere wachepa, kapena ndi alamu anga achitanso bwino penapake?"

"Usandiyambe."

"Ndangofunsa. Nkhope imeneyi imabwera alamu akayamikiridwa. Tsiku lija telala anawabweretsera nsalu munadwala mutu masiku awiri."

"Munthu ndinapita kusukulu ine. Ntchito ya sola ndi ya manambala, si ya mphuno ngati galu wa apolisi."

"Nenani mokweza amve, khoma ndi lopyapyala ili." Mkaziyo anamuwonjezera ndiwo. "Inu bambo, amene akutchukawo ndi a m'nyumba mwanu momwe. Makasitomala akubwera pashopu yanu. Chikukupwetekani n'chiyani?"

Yankho la Mita linali lochititsa manyazi kulitchula. Ankafuna kuti achemwali ake akhale bwino, adye, avale, asadwale. Koma ankafuna kuti zonsezo azizilandira kuchokera m'manja mwake.

Za Lachisanuzo anawauza achemwali mwachidule, ngati nkhani yosafunika. Koma Lachitatu masana anamangirira makwerero panjinga yamoto n'kupita yekha. Ankadziwa kuti tsiku limenelo mayi wa anapiye amakhala kumsika, ndipo mlonda wa pageti ankamudziwa. "Ndikungoyeza za Lachisanu," anamuuza.

Padenga malata ankatentha mpaka kudutsa m'nsapato. Anayeza ndi mita, n'kupeza kuti masola atatu a kumapeto afooka pafupifupi ndi theka. Anayang'ana kumsewu ngati kuli womuona, kenako anamasula imodzi n'kuitembenuza, chinthu chimene m'zaka zisanu anali asanachitepo. Kumbuyoko kunali ming'alu yopingasana ngati zidendene za munthu woyenda wopanda nsapato. Anagwira ndi chala, chala chinayera. Kabokosi kakuda kotulukira mawaya kanali katayamba kumatuka mbali imodzi.

Anali ataona yekha, popanda mphuno ya munthu. Anatsika, anathamangira kusitolo ya zomangira, n'kugula machubu anayi a silikoni, yemwe uja amamatira magalasi a mawindo ndi masinki. Anabwerera padenga n'kupaka mosaumira, mng'alu uliwonse, kuzungulira timabokosi tonse titatu, mpaka kumbuyoko kunaoneka ngati keke ya mwana. Fungo lake linkamulasa m'maso, iye n'kumati ndiye mphamvu yake imeneyo. Anamangitsanso masolawo, zotsala anakataya kutali. Lachisanu, anaganiza, achemwali adzatembenuza n'kupeza pomata kale, adzasowa chonena, ndipo iye adzatulutsa mita n'kuyankhula za mabatire.

Lachisanu linafika. Achemwali anavala buluku la ovolosi yawo yakale ya kufakitale ndi nsapato za mphira zimene anapanga okha. Anakwera makwerero pang'onopang'ono, akudandaula za mawondo. Mayi wa anapiye anaima pansi, manja m'chiuno, kumbuyo kwake anapiye akulira ngati mawilo osathira mafuta.

Achemwali sanafike n'komwe pamasolawo. Anaima pakati pa denga, mphuno m'mwamba.

"Masula ya kumapetoyo," anatero.

Mita anamasula. Anaitembenuza mwaulemu, ngati akuvundukula mphatso. Achemwali anagwada, anayang'ana nthawi yaitali, anatsina silikoniyo ndi chikhadabo n'kuona kuti m'kati mwake akadali wofewa. Kenako anayang'ana manja a mlongo wawo. M'mphepete mwa zikhadabo zake munali mutatsalira zoyera zimene sopo anazilephera. Mita anabisa manjawo m'thumba.

"Iwe," anatero motsitsa mawu, moti pansi sakanamva. "Unamata dzana?"

Iye anayang'ana kumbali.

"Unapukuta n'komwe? Unadikira kuti ziume?"

"Kunali dzuwa."

"Dzuwa linali kunja, madzi ali m'kati. Wawatsekera momwemo. Ndiye silikoni wa m'bafa uyu amatulutsa asidi akamauma, n'chifukwa chake amanunkha viniga. Chimene chikudya sola imeneyi ndi asidi, iwe wabwera kudzawonjezera wina. Pa kabokosi apa pali mawaya a kopa, ukudziwa bwino kuposa ine zimene asidi amachita ndi kopa."

Ankadziwa. Chinamupweteka n'chimenecho, kuti theka la nkhaniyo linali lake.

"Nunkhiza apa," anatero achemwali, akuloza pakona pamene sanapakepo. "Ili ndi fungo la sola yodwala. Tsopano apa, ili ndi la silikoni wako. Ofanana, koma lina ndi lakale, lina ndi laliwisi. Wamva kusiyana?"

Mita anawerama, mita yake ikugunda pamalata. Anakoka mpweya mpaka m'mutu munachita chizungulire. Anamva fumbi, ndowe za nkhuku ndi thukuta lake lomwe.

"Ndamva," ananama.

"Kumwambako mukupemphera?" anafuula mayi wa anapiye. "Ndiuzeni, mazira anga afa kapena?"

Achemwali anasendera m'mphepete mwa denga. Mita anatseka maso. Anali atakonzeka kumva dzina lake likugwa kuchokera padenga mpaka pansi.

"Mazira safa, mayi," anatero achemwali. "Masola asanu ali bwino, chikopa chawo n'cholimba. Atatu a kumapetowa ndi a mtundu wina, ang'aluka kumbuyo. Ndiponso alipo wina anayesa kumata ndi mankhwala olakwika."

"Ndani ameneyo?"

"Sindinamuone. Padenga sipakhala loko."

Mayiyo anayang'ana kugeti kumene kunali mlonda, kenako anayang'ana Mita. Anali mayi woti amadziwa dzira lowola asanaliswe.

"Chabwino. Ndiye titani?"

"Awiri tiwapala, tiwaumitse pamthunzi masiku angapo, tiwapake silikoni wosanunkha uja wopangira zamagetsi. Akhoza kukupatsani zaka zina zingapo, sindikulonjeza zambiri. Yachitatuyi yapita, mugule ina, koma pogula mudzanditenge. Chinanso, onsewa anagona kwambiri pamalata, mphepo sikudutsa pansi, ndiye akuphikidwa mbali zonse ziwiri. Akwezedwe pang'ono, dzanja lizilowa. Zokwezazo ndi zolumikiza kuti asanuwa akutumikireni sabata ino, achimwene angawa ndiye katswiri. Ine waya sindiudziwa."

Akanakhala kuti anamuyalutsa, Mita akanapeza pogwira. Akanakwiya, akanauza mkazi wake kuti waona, munthu ndimamusunga ine wandivula pagulu. Koma anamuphimba, monga ankachitira kalekale iye akaswa kapu, n'kumuponyeranso kantchito ngati fupa. Analumikiza masola asanuwo mano ali gwa, ndipo ntchitoyo inatuluka yaukhondo kuposa masiku onse.

Atatsika, mayi wa anapiye anatulutsa foni yake.

"Mayi, ndipatseni nambala yanu."

"Ya kushopu muli nayo kale," Mita analowerera.

"Ya kushopu ndi yanu, bambo. Ndikufuna ya iwowa. Kuyambira lero denga ili ndi lawo. Akaona kuti pakufunika wa mawaya, adzasankha okha woti amuitane."

Achemwali anatchula nambalayo mwamanyazi, akulakwitsa n'kubwereza. Mayiyo anawapatsa anapiye awiri m'kabokosi koboola, akuti a chiyambi. Mita sanapatsidwe kanthu, kupatula moni woti akapereke kwa akazi ake.

Pobwerera achemwali anakana kukwera njinga yamoto chifukwa cha anapiyewo, ndiye anayenda wapansi, Mita akukankha njingayo pambali, makwerero akugwedera. Anadutsa pa telala, telala anakweza dzanja: "Mayi, mwaswera bwanji?" Kenako, ngati wakumbukira mochedwa: "A Mita."

"Bwanji simunanene kuti ndine?" anafunsa atapitirira.

"Kuti ndipindulenji?"

"Mwina mukufuna ndizikuthokozani mpaka kufa."

"Iwe, ine ndinapuma utsi wa pulasitiki zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chifuwa changa chimalira ngati anapiyewa. Chimene ndinatuluka nacho kumeneko ndi mphuno yokhayi. Nayonso ukuifuna?"

Zoona zake, Mita ankaifunadi.

"Lolemba tikapale masola aja," anapitiriza achemwali. "Ndidzakuitana."

Liwu lakuti ndidzakuitana linamuwawa. Pamphambano anawauza kuti atsogole, iye ali ndi kena koti aone. Anawayang'ana akupita, kabokosi m'manja, nsapato za mphira zikulira pafumbi, anthu awiri atawaimitsa kale kuti awafunse zinazake.

Anaimika njinga pakhomo pa sitolo ya mankhwala. Mtsikana wogulitsa anamufunsa chimene akudwala.

"Mphuno," anatero. "Sizikumva bwino fungo."

"Muli ndi chimfine?"

"Ayi. Kungoti zinatsekeka kalekale, mwina chibadwire. Anthu ena amamva zinthu zimene ine sindikumva."

Mtsikanayo anamuyang'ana, anayang'ana mita ya m'khosi, n'kutsitsa kabotolo kakang'ono ngati chala, ka madontho a m'mphuno. "Awiri m'mawa, awiri madzulo. Musapitirire masiku asanu."

"Pofika Lolemba zikhala zitatseguka?"

"Ngati zinali zotseka."

Mita anakana jumbo. Anakulunga kabotoloko m'kansalu kopukutira mawaya, anakalowetsa pansi penipeni pa thumba la zida, kunsi kwa mapulayala, kumene mkazi wake kapena achemwali sangapisemo dzanja, n'kuliza njinga kulowera kunyumba.